Adada Msiska ndi Khosi Limene Sanalikhudze

Mwezi uno wa Juni chakwana chaka chiperekezereni adada Msiska pa galimoto ya maliro yopita ku Rumphi. Tsikulo ndinalikumbuka ndili pa mashini kuntchito, Asiyatu atandikodola n'kundilozera kalendala ya pakhoma. Iye anabwerera pa kolala imene ankasoka, ine pa mikono ya malaya, koma tsiku lonselo ulusi unkangondidukira. Ndiye ndati ndilembe zimene ndikukumbuka, poti ife a kuno tikafa chimatsala ndi chithunzi cha m'foni basi, foniyo ikabedwa ndiye kuti munthu watheratu.

Asiyatu ndi mnzanga wa ku Mangochi, timasoka limodzi pa fakitale ina ya zovala ku Montague Gardens, kuno ku Cape Town. Pakanapanda adada Msiska, bwenzi lero ali kumudzi atabwezedwa ngati katundu wowonongeka, m'nyumba mwake muli mkazi wina. Chimene chimandizunguza mpaka pano n'chakuti adadawo, amene komboni yathu yonse ya Dunoon inkawadziwa chifukwa cha manja awo, Asiyatu sanamukhudzepo ngakhale ndi nsonga ya chala.

Adada Msiska anali munthu wamfupi, wa imvi mutu wonse, woyenda mwandawala ngati akuthawa mvula. Masiku asanu ndi limodzi pa sabata ankalima m'maluwa mwa azungu ku Table View, ndipo kumeneko ankangodziwika kuti ndi gadeniboyi wokalamba wosachedwa pa ntchito. Sindikhulupirira kuti mabwanawo ankadziwa kuti munthu amene akuwazulira udzu amadziwa dzina la fupa lililonse la m'thupi mwawo. Ali mnyamata anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala china cha mishoni kumpoto, kuthandiza mayi wina wodziwa za mafupa ndi minofu amene ankawongola ana opuwala ndi poliyo. Anali ndi pepala losonyeza zimenezo. Linapsa pamodzi ndi hoki yawo, kanyumba kawo ka malata, pa zipolowe zothamangitsa ife obwera za 2008, ndipo akamanena nkhaniyi ankaseka, amvekere moto unachita ulesi, unatenga pepala n'kusiya manja.

Manjawo ankawasamala kuposa mmene mtsikana amasamalira nkhope. Tinkakhala mu yadi imodzi, hoki yanga kuyang'anizana ndi yawo, ndiye Loweruka lililonse akaweruka ndinkawaona atakhala pa kireti pakhomo, manja ali m'beseni la madzi ofunda. Akatero ankawakwecha ndi mwala, kuwenga zikhadabo, kenako n'kudzola mafuta chala chimodzichimodzi. Ndinkawaseka kuti kodi adada mawa kuli chinkhoswe. Iwo ankati khasu limagonthetsa zala, ndiye pofika Lamlungu zimayenera kukhala zitayambanso kumva.

Lamlungu akabwera kutchalitchi ankapeza anthu atandanda kale m'mbali mwa khoma. Ambiri anali ife a m'mafakitale, opakira katundu, alonda, amayi osita m'nyumba za mabwana. Ena ankachokera ku Kraaifontein, sitima kenako takisi, ambiri atamanga kansalu kumutu. Kansalu kameneko adada sankafuna kukaona. Ankati mutu uli ngati mwana wa kumsana, wolira ndi iye koma womutsina ali pansi pake, ndiye ife timalimbana n'kutontholetsa mwanayo m'malo mofufuza chimene chikumutsina. Sankanena kuti mutu uliwonse umachokera m'khosi ayi. Ankati wa malungo ulipo, wa maso ulipo, wa nkhawa za kumudzi ulipo, ndipo imeneyo si yawo. Wawo unali uja woyambira kunkhongo, wokwera mbali imodzi n'kukakhazikika kuseri kwa diso, wobwera munthu akawerama nthawi yaitali kapena akatembenuza khosi.

Ine ndinapitako koyamba mu 2010, ndipo ndinatsala pang'ono kutuluka ndisanagwidwe n'komwe. Ankafunsa ngati wapolisi. Mbali iti, umayamba nthawi yanji, pa mashini mumakhala bwanji, munagwapo, munachitapo ngozi. Kenako mafunso amene sankawadumpha kwa munthu aliyense: chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, dzanzi kumaso, kutentha thupi. Ndinawauza kuti ndabwera kudzasisitidwa, sindinabwere kudzalemba mayeso. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti khomo ndi lomwe ndaloweralo.

Mafunsowo ndinadzawalemekeza patsogolo pake. Mlonda wina wa ku Karonga anabwera atagwira mutu, akuti unamugwera kamodzin'kamodzi ngati wamenyedwa ndi chibonga, ndipo mawu ankatuluka okokeka. Adada sanamulole ngakhale kukhala pansi. Anasiya mzere wonse uli chiimire, anamukweza takisi n'kupita naye okha kuchipatala. Anthu anadandaula kuti mkuluyu amasankha odwala. Zinadzamveka kuti mtsempha unaphulika m'mutu. Mlondayo ali moyo, amangokoka mwendo.

Koma ukapambana mayesowo, zimene zinkatsatira sindidziwa ndingazifotokoze bwanji. Bedi lawo linali chitseko chakale chogonekedwa pa makireti, pamwamba bulangete. Umagona chagada, iwo n'kukhala kumutu, n'kulowetsa nsonga za zala pansi pa chigaza, pamene mutu umakumana ndi khosi. Basi. Osasisita, osakanda, kungodikira. Poyamba umaganiza kuti gogoyu wagona. Pakapita kanthawi umangomva mutu wako ukulemera, ukumira m'manja mwawo, ndipo china chake chimene unachigwira zaka zambiri osadziwa chikuyamba kumasuka. Akatero ankakoka mutu pang'ono kwambiri, n'kuyamba kuyendera mafupa a khosi ndi chala chachikulu, limodzilimodzi, kukankha n'kusiya, kukankha n'kusiya. Ankati khosi salilamula, amalipempha. Ine ndine munthu wosalira wamba, maliro a amalume anga ndinapirira, koma pa chitseko chimenecho misozi inayenderera yokha mpaka m'makutu.

Pomaliza ankakupatsa ntchito ya kunyumba. Kubweza chibwano m'kati n'kugwedeza mutu pang'ono, ngati munthu wovomera mlandu monyinyirika, kakhumi m'mawa kakhumi madzulo. Kukoleka mphepete ya thawulo kunkhongo n'kumathandiza nayo khosi potembenuka. Ukabwera Lamlungu linalo usanachite, ankadziwa zala zikangofika pakhosi, ndipo apa ndi pamene ukali wawo unkaonekera. Anathamangitsapo mkulu wa mpingo wawo womwe, anthu akuona, amvekere iwo si makina ochapira oti munthu azingoponyamo thupi lake n'kukatenga loyera. Anali ouma mutu, tisaname. Kupepesa sankakudziwa, ndipo za mkazi ndi ana amene anawasiya ku Rumphi ukangoziyamba ankadzuka n'kukathirira tomato wawo wa m'zitini.

Mkangano wawo wotchuka unali ndi Biziwiki, wometa wa pa kona. Biziwiki akamaliza kumeta munthu ankamugwira chibwano ndi nkhongo n'kupotokola khosi mwadzidzidzi mpaka lilire, anyamata n'kumasangalala kuti ndiye sevisi imeneyo. Adada anapita kukaima pakhomo la kontena yake n'kumuuza, makasitomala ali pomwepo, kuti khosi si nzimbe, m'kati mwake mumadutsa mitsempha yopita ku ubongo, ndipo tsiku lina adzameta munthu n'kumuperekeza kumanda ali wosalala bwino. Biziwiki anawayankha kuti ndi nsanje ya ukalamba. Kuyambira pamenepo adada ankadzimeta okha ndi sizasi pa kagalasi kosweka, zaka zisanu ndi ziwiri, mutu uli mabalamabala ngati munda wolima ana. Koma Biziwiki kupotokola kuja anasiya mwakachetechete, ndipo pa maliro ndi iye anawameta komaliza.

Tsopano za Asiyatu. Mutu wake unayamba mu 2012, mbali ya kumanja, ndipo pofika chaka chotsatira unali utamudya munthu. Panado ankamwa ngati mtedza. Kukiliniki anamuyeza magazi, anamuyeza maso, n'kumuuza kuti apume, ngati kuti pa fakitale amagawa mpumulo. Anapita kwa munthu wina ku Kraaifontein amene anamutema mphini m'mbali mwa maso n'kupakamo zakuda. Ena anamuwerengera mapemphero. Ine ndinamuuza kangapo za adada, iye n'kumangoti bambo a kunyumba sangalole. Masiku ena ndinkamuona akusoka diso limodzi atatseka, misozi ikugwera pa nsalu ya eni ake. Supavaiza anali atamuchenjeza kawiri.

Ndiye apongozi ake kumudzi anagamula pa foni. Anati matenda okanika ku Joni ndiye kuti ndi ochokera kumudzi, alipo amene sakukondwa, ndipo mankhwala ake ali komweko. Mwamuna wake, Che Jafali, amene amapakira katundu mu weyahausi, anagula tikiti ya basi ya ulendo wopita wokha, yonyamuka patatha milungu itatu. Asiyatu anandiuza tili pa lanchi, chakudya chili chitsekere.

"Achemwali, ndikakwera basi imeneyo sindibwereranso. Apongozi anga mtsikana ali naye kale m'maganizo. Mkazi wodwala akapita kumudzi, pamalo pake sipazizira."

Madzulo ake ndinapita kwa Che Jafali ndili ndi moto. Si munthu woipa, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti nayenso sakugona. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati iye wayesa zonse ndipo angayesenso china, koma kuti mwamuna wina agwire khosi la mkazi wake, mpango atavula, zimenezo chipembedzo chake sichilola ndipo mtima wakenso sulola. Asiyatu naye, nditamuyang'ana, anaweramitsa nkhope. Ndinazindikira kuti si mwamuna yekha amene akukana.

Ndinakafotokozera adada ndikuyembekeza kuti akalipa, ndipo kunena zoona ndinkafuna akalipe kuti tikhale awiri. Anali akusenda anyezi. Anasenda mpaka kumaliza, n'kufunsa osandiyang'ana:

"Nanga mwanalumeyo manja ali nawo?"

Lamlungu limenelo anabweza anthu onse msanga. M'hoki mwawo anachotsa chitseko chija n'kuika makireti atatu mondondozana, ngati mipando ya m'basi. Pakati pa kireti yachiwiri ndi yachitatu anamanga waya n'kupachikapo bulangete. Asiyatu anamukhazika kutsogolo, Che Jafali pambuyo pake, iwo n'kukhala kuseri kwa bulangete kumene sankaona kanthu. Ine anandiimika pambali n'kundiuza kuti lero ndine maso awo, ndipo pakamwa ndichepetse.

Mafunso aja anafunsa onse ali kuseriko. Atamaliza anafunsa lina limene sindinawamvepo akufunsa munthu. Anati pomaliza swala, paja Asilamu amatembenuzira nkhope kumanja kenako kumanzere popereka salamu, kodi khosi limalola mbali zonse ziwiri? Asiyatu anati kumanzere limalola, koma kumanja papita chaka akutembenuka ndi thupi lonse. Che Jafali anati zimenezo anaziona ndithu koma sanaziganizire. Mkhristu wa ku Rumphi, mkulu woimba nyimbo za Chitumbuka m'bafa, anadziwa kuti mayi ameneyu amayeza khosi lake kasanu pa tsiku.

Asiyatu anamasula mpango. Adada anatulutsa manja awo pansi pa bulangete, manja okha, n'kuwaika pakhosi pa Che Jafali.

"Che Jafali, chimene mukumva pakhosi panu, chitani chomwecho pakhosi pa mama. Pamene ndaika chala, ikani pomwepo. Mphamvu imene ndaika, ikani yomweyo. Musawonjezere."

Munthu wonyamula matumba tsiku lonse kumuuza kuti asawonjezere mphamvu! Zala zake zinali ngati zitsulo. Atangoyamba, mawu anatuluka kuseri kuja akuti mwakanikiza kwambiri. Che Jafali anafunsa kuti mwaona bwanji. Adada anati sanaone, amva paphewa pake, chifukwa munthu akakanikiza ndi chala khosi lake lomwe limauma. Anamuuza kuti agwire ngati akuyesa peyala pamsika, mwini wake akuyang'ana. Anabwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ine ndinkangoyang'ana chala cha adada pakhosi la mwamunayo, n'kuyang'ana chala cha mwamunayo pakhosi la mkazi wake, n'kumanena kuti kwezani pang'ono, pitani kumanja pang'ono, mpaka ziwirizo zitafanana.

Anatsika fupa loyamba, palibe. Atafika pa lachiwiri, mbali ya kumanja, pansi pa chigaza penipeni, Asiyatu anakoka mpweya n'kugwira diso.

"Ndi womwewo. Wabwera."

Che Jafali anachotsa dzanja ngati wagwira mbaula. Nkhope yake inasintha, ndipo ndinadziwa chimene chinamulowa: miyezi yonseyi akufunafuna munthu amene akulodza mkazi wake, lero mutu wabwera ndi chala chake chomwe. Koma kuseri kwa bulangete kunamveka kuseka, kuseka kwa munthu amene wapeza mbuzi yake yotayika.

"Bwezeranipo chala, wadada. Mutu wa ufiti subwera poitanidwa ndi chala. Tapeza pamene umagona."

Anabwezera. Adada anakankha pang'ono pakhosi pake n'kugwira osasiya, iye n'kuchita chimodzimodzi, ndipo anamuuza Asiyatu kuti azipuma n'kumanena chimene akumva. Tinakhala choncho, anthu anayi m'kachipinda kamalata, kunja ana akusewera mpira. Patapita kanthawi Asiyatu anati ukuchepa. Kenako anati wabwerera kunkhongo. Kenako anatsegula diso lija n'kuyang'ana khoma ngati akuliona koyamba. Ndapitapo m'matchalitchi a zozizwitsa kuno ku Cape Town, kumene anthu amagwa ndi kukuwa, koma sindinaonepo chinthu chondiopsa mokoma ngati manja awiri okalamba aja otuluka pansi pa bulangete.

Ndikanakonda kunena kuti zinathera pomwepo, koma ayi. Adada anachenjeza kuti khosi likhoza kukwiya tsiku limodzi kapena awiri, ndipo linakwiyadi. Lolemba Asiyatu sanadzuke. Che Jafali anati gogo uja wautsa zimene zinagona, ndipo Lamlungu lotsatira makireti atatu aja anakhala opanda anthu. Basi inali itatsala masiku khumi ndi atatu.

Apa ndi pamene ndinaona chimene sindinkayembekeza. Munthu uja wothamangitsa akulu a mpingo, amene sanapitepo pakhomo pa wodwala aliyense, anavala jekete lake la kutchalitchi n'kundiuza kuti ndiwatsogolere kwa Che Jafali. Kunali kamvula kaja ka kuno kobwera chopingasa. Atafika anakana kulowa, anaima panja madzi akutsika m'magalasi. Sanapepese, paja ndanena kale. Anamuuza Che Jafali kuti pa anthu onse amene anayesapo kuwaphunzitsa, palibe anapeza fupa lija tsiku loyamba, ndipo zala zoterozo n'kulakwa kuzisiyira matumba okha. Anati ngati basi ndi yonyamuka inyamuke, koma masiku otsalawa awapatse iwo. Kaya kunali kunyengerera kaya zoona, Che Jafali anayang'ana manja ake nthawi yaitali, n'kupita kukabwereka makireti kwa aneba.

Kuyambira tsiku limenelo ankakumana madzulo aliwonse anthu akaweruka, bulangete lili pakati. Adada anamuphunzitsa Che Jafali kuika zala pansi pa chigaza n'kudikira, ndipo kudikirako ndi kumene kunamuvuta kwambiri. Asiyatu adadawo anamupatsa za chibwano ndi za thawulo, ine n'kumamuonetsa pa khosi langa. Tsiku lina anandiuza kuti ndikhale pa kireti ndiyerekeze mmene Asiyatu amakhalira pa mashini. Nditapendeketsa mutu monga amachitira, anafunsa kuti kuwala kumachokera mbali iti. Zoonadi, mashini ake anali pakona, ndipo kuti aone singano ankapinda khosi tsiku lonse. M'mawa mwake tinasinthana malo, supavaiza tinamuuza kuti ine ndikufuna kufupi ndi chimbudzi.

Lachinayi la sabata yomaliza, chikwama chili chopakira kale pakona, Che Jafali anafika kunyumba mkazi wake ali pa mkeka akumaliza swala ya madzulo. Anaima pakhomo kudikira. Khomolo lili kumanja. Asiyatu popereka salamu anatembenuza nkhope, mapewa ali pomwepo, mpaka maso ake anakumana ndi a mwamuna wake. Iye mwini sanazindikire n'komwe kuti khosi lalola, anapitiriza kumanzere. Izi anandiuza ndi Asiyatu, akuti atamaliza anapeza bambo atakhala pansi pakhomo nsapato imodzi ili m'manja. Kenako bambowo anatulutsa foni n'kuimbira kumudzi, iye akumva.

"Amayi, mkazi wanga sabwera. Ndikumuchiza ndekha."

Nditawauza adada mawu amenewa ndinkaganiza kuti awawidwa mtima, poti ntchito yonse inali yawo. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti mnyamatayo sananame, iwo khosi limenelo sakulidziwa n'komwe maonekedwe ake. Tikiti anapatsa msuweni wina amene ankapita kumudzi. Mutuwo sunathe ngati wodula ndi mpeni, umabwerabe tikagwira ovataimu ya Disembala, koma ukabwera Che Jafali amamukhazika mkazi wake pa kireti, ndipo m'mawa Asiyatu amakhala ali pa mashini. Ali ndi ana awiri tsopano, wamng'onoyo anabadwira konkuno.

Adada anadwala chifuwa m'nyengo yozizira ya chaka chatha. Anapitabe kumaluwa mvula ikugwa mpaka tsiku limene anakanika kukwera takisi. Kuchipatala anakhalako milungu iwiri. Nditapita kukawaona anandidzudzula kuti ndakhala mopinda msana, ndipo amenewo ndi mawu omaliza amene anandiuza.

Tsiku loonana nawo komaliza, galimoto isananyamuke, anthu anadzaza mpaka panja, Akhristu ndi Asilamu, Atumbuka, Ayao, ife Angoni, ngakhale amayi a Chikhosa amene ankawatchula kuti tata. Tikudutsa pa bokosi ndinaona kuti okonza maliro anawagoneka mutu utagwera kumbuyo, chibwano chili m'mwamba. Zinandipweteka koma ndinangodutsa. Asiyatu anali pambuyo panga, ndipo aka kanali koyamba kuwayang'anitsitsa nkhope pafupi chotero. Anaima, mzere wonse n'kuima. Anamasula chitenje chimene anafunda pamapewa, anachipinda bwinobwino n'kuchikulunga, n'kuchipereka kwa mwamuna wake. Che Jafali analowetsa zala zake zija pansi pa chigaza cha adada, anadikira kaye pang'ono monga anaphunzitsidwira, n'kukweza mutuwo mofatsa, n'kuika chitenjecho pansi pa khosi. Pamenepo ndi pamene amayi anayamba kulira mokweza, ndipo ine ndinatuluka panja.

Hoki yawo ikadalipo. Mwini yadi sanapeze woikamo, akuti denga likudontha ndipo alikonza chilimwe chikabwera, ndiye pachitseko pali loko wa dzimbiri ndipo pawindo anakhomapo katoni. M'mbali mwa khoma, mmene munali njira yosalala chifukwa cha mapazi, mwamera udzu wofika m'mawondo. Lamlungu masana mu yadi mumakhala zii, moti ndimamva wailesi ya nyumba yachitatu.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wochokera ku Kraaifontein, wa ku Machinga kwawo, mwana kumsana. Anati anamva kwa mnzake kuti kuno kuli gogo wochotsa mutu. Ndinamuuza kuti wachedwa ndi chaka. Anakhala pa mwala, ndipo zinandimvetsa chisoni moti ndinamutenga n'kupita naye kwa Che Jafali. Tinamupeza akukonza njinga. Anamvetsera, anapukuta manja pa buluku, n'kupukusa mutu.

"Pepani amayi. Mafunso aja ine sindiwadziwa, ndingakupwetekeni. Ine ndimadziwa khosi limodzi lokha."

Asiyatu anamupatsa tiyi, ine n'kumuuza kuti akayambe kukiliniki akapemphe oona za mafupa. Pobwerera anapempha kuti tidutsenso pa hoki ija. Anasuzumira pa mng'alu wa chitseko kanthawi, ngakhale mulibe kanthu koma beseni lolandira madzi a mvula. Kenako anakweza mwana wake bwino kumsana, ndipo ndinamuperekeza kukakwera takisi.